Denga Limene Sindinakhome

Maganizo opita ku Joni anandifikira nditaima m'mbali mwa nkhokwe ya apongozi anga, mvula ikundimenya kumiyendo. Unali mwezi wa Febuluwale, masanasana. Nyumba yathu ya udzu inali ikudontha paliponse, ndipo mkazi wanga Rosalina anali atanyamula mwana wathu Marta, amene panthawiyo anali asanayambe n'kuyenda komwe, n'kuthamangira naye kwa mayi ake. Pabwalo lathu lonse, nyumba ya mayi akeyo ndi yokhayo inali ya malata, malata akale olimba amene malemu apongozi aamuna anagula akugwira ntchito m'minda ya tiyi. Ine mkamwini sindikanalowamo. Ndinaima panja pomwepo, ndikumva mwana wanga akuseka m'nyumba ya eni ake, madzi akutsika m'khosi mwanga.

Ntchito yanga masiku amenewo inali ya njinga. Ndinkanyamula matumba a chimanga ndi nyemba a anthu ena kuchoka kwathu ku Mongue mpaka kumalire a Muloza, kukankha m'zitunda, kutsetsereka m'makhwawa phazi lili patayala. Zimene ndinkapeza zinkathera mchere, sopo ndi kumatitsa machubu. Mvula ija itakata, Rosalina anabwera kudzayanika mphasa, ndipo ndinamuuza ndisanasinthe n'komwe malaya.

"Mayi a Marta, ine ndikupita."

"Mukupita kuti, matope onsewa?"

"Ku Joni. Ndikadzabwera mudzagona m'nyumba ya malata, yanuyanu."

Anakutumula mphasa ija, n'kunena osandiyang'ana: "Udzu kudambo ulipo wambiri, bambo a Marta. Wasowa ndi munthu woufolera bwino."

Titakolola ndinagulitsa njinga, n'kukwera basi.

Joni weniweni sindinakhalitseko. Ndinapitirira mpaka ku Kepi, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere kumapeto kwa dzikolo, chifukwa kunali mnzanga wa kutchalitchi amene anandilonjeza pogona. Pogonapo panali kachisakasa ka malata khoma ndi denga lomwe, mmene tinkagona amuna okhaokha, ena a ku Thyolo, mmodzi wa ku Mocuba. Ndinayamba ndi kuima pamphambano kudikira galimoto zofuna aganyu. Tsiku lina inaima galimoto yonyamula makwerero, mzungu wachikulire wa chala chimodzi choduka n'kufunsa amene saopa kukwera pamwamba. Ndinakweza dzanja. Munthu ameneyo ndi amene anakhala bwana wanga zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, ndipo ntchito yake inali yokonza madenga.

Ku Kepi nyengo n'zotembenuka. Mvula ya kumeneko imagwa m'chisanu, miyezi imene kwathu timakhala titakolola, chiperoni chikungowaza m'mapiri. Mphepo imachokera kunyanja yamchere, mvula n'kumagwa chopingasa, yozizira ngati yochokera mufiliji. Ikangodutsa mphepo yotero, foni ya bwana inkalira osapuma. Tikafika panyumba ya munthu, bwanayo sankandilola kuthamangira makwerero. Ankati ndiyambe ndazungulira nyumba ndikuyang'ana pansi: kachidutswa ka tailosi pakapinga, msomali wogwa, dothi lokumbika pamene madzi atsikira malo olakwika. Kenako kuima patali n'kuona msana wa denga, ngati wawongoka kapena wakhota. M'nyumba tinkafuna banga lachikasu pasiling'i, utoto wotupa pakhoma, fungo la chinyontho m'makabati. Ine, chifukwa chochepa thupi, ndinkalowa m'siling'i masana n'kuzima tochi, kuti ndione pamene kuwala kukulowera. Pamalata tinkayang'ana misomali yotukula mitu, mizere ya dzimbiri yotsika pansi pake, ndi lata lokweza mlomo m'mphepete. Ndinaphunziranso kuti madzi sadonthera pamene alowera. Amayenda ndi thabwa n'kukagwera kwina, ndiye wopupuluma amamata polakwika.

Ntchitoyi ndinaidziwa, ndipo ndinayamba kunyada nayo. Koma ndinene zoona: ife a madenga tinkapempherera mphepo. Wailesi ikalengeza kuti kukubwera chimphepo, m'chisakasa mwathu ena ankadandaula n'kumasanjika miyala ndi matayala padenga, ine mtima uli mbee, ndikudziwa kuti mawa kuli ntchito. Ndinkakhala tsiku lonse ndikutseka timabowo pamwamba pa zipinda zimene simugona munthu, madzulo n'kubwerera kukatchera beseni pambali pa matiresi anga. Lamulungu ndinkapita ku Misa ya Chingerezi, kumene ndinkadziwa poima ndi pogwada koma wondipatsa moni wa dzina langa kunalibe. Ndikatuluka ndinkaimba foni kwathu. Marta anaphunzira kulankhula ndikumumvera pafoni. Kwa nthawi ndithu mawu oti "bambo" ankawanena akuloza foniyo.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe amene angandinene. Chisanu chilichonse chinkawonjezera kanthu. Rosalina anaumbitsa njerwa, anaotcha, khoma linakwera. Za denga ndinasankha ndekha a Bernardo, mmisiri wa matabwa wa pamsika wa ku Mongue amene timawatcha a mesitire, bambo wachikulire amene anakhoma denga la tchalitchi chathu. Ndinawaimbira kangapo kuwalangiza za kakhomedwe, iwo n'kumangoti, "Tamva, a Albino, tamva." Nyumba itatha, Rosalina ananditumizira chithunzi: iye ndi Marta ataima pakhomo, malata akung'anima pamwamba pawo. Chithunzi chimenecho ndinaonetsa aliyense, ngakhale bwana. Ndikanatha kubwerera chaka chomwecho, poti chimene ndinapitira chinali chitatheka. Koma ndinati padakali simenti yapansi, padakali mawindo agalasi, ndipo ndinakhalanso.

Chilimwe cha ku Kepi, chimene chimagwa nthawi imene kwathu kuli dzinja, ndiyo inali nyengo yanga ya njala. Kulibe mvula, kulibe wodandaula za denga. Chaka chomaliza zinafika poipa: bwana anadwala, ntchito inaima, mwini chisakasa ankabwera m'mawa uliwonse kudzafuna lendi. Ndikukumbuka Rosalina akundiimbira mkati mwa sabata, chinthu chimene sankachita. Ndisanamve n'komwe chimene waimbira, ndinayamba kumukhuthulira zanga. Ndinamuuza kuti asandipemphe kanthu kalikonse mpaka chisanu chifike. Iye anangoti, "Kuno kunawomba mphepo." Ndinaseka. Ndinati mphepo sakuidziwa iye, adzabwere kuno adzaione. Anati, "Chabwino. Ife tili bwino." Foni inaduka.

Chisanu chitabwera ntchito inabwerera, ndipo chitatha ndinamanga katundu. Ndinagula makina obowolera a batire, masikuluwu okhala ndi mphira, nsapato za Marta ndi nsalu za Rosalina ndi apongozi. Ndinadutsira ku Tete, ku Limbe, ku Mulanje, n'kuwoloka pa Muloza wapansi, chikwama chili pamutu. Nditaona phiri la kwathu la Tumbine, m'maso munadzaza misozi. Ku Vila, tauni ya kwathu, ndinakwera mota, njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo njira yonse ya ku Mongue ndinkaona nyumba zina zili ndi makoma okhaokha, zina zofoleredwa theka. Ndinkangoti mumtima, anthu a kwathu kumanga sadziwa.

Pofika pakhomo anthu anandilandira ndi nthungululu. Marta, amene tsopano anali mtsikana wa sukulu, anabisala kumbuyo kwa mayi ake. Ine maso anali kale padenga.

"Khalani pansi kaye, bambo a Marta," anatero Rosalina. "Anthu akufuna akupatseni moni."

Ndinakhala, koma khosi linali chokweza.

M'mawa mwake ndinazungulira nyumba monga mmene ndinkachitira ku Kepi, manja kumbuyo. Kutsogolo, kumene chithunzi chija chinajambulidwa, kunalibe vuto lalikulu. Koma msana wa denga unali wokhota chapakati. Malata ambiri anali ndi mzere wopingasa, chizindikiro choti anapindikapo n'kuwongoledwa ndi hamala. Munali mabowo akale a misomali, ena omatidwa ndi phula, ena otsekedwa ndi zidutswa za patapata. Mizere yapamwamba ya njerwa inali ya mtundu wina, yomangidwa ndi dothi pamene pena ponse panali simenti. Denga linali lomangiriridwa kukhoma ndi mawaya. Kuseri ndi kumene kunandiwawitsa mutu: malata atatu akalekale, okhuthala, adzimbiri, ndipo misomali yake, yopindikapindika, inakhomedwa m'ngalande mwa lata momwe mumayenda madzi, m'malo mwa pamsana pake. M'kati, khoma la chipinda cha Marta linali ndi mizere ya matope kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mabuku ake anali okwinyika ngati ananyowapo n'kuumitsidwa padzuwa.

Ku Kepi, ndikanaona chimodzi chokha mwa zizindikiro zimenezi, ndikanauza mwini nyumba nthawi yomweyo kuti pano padutsa mphepo yoopsa. Ndiyo inali ntchito yanga. Kwathu ndinaziona zonse pamodzi, ndipo chimene ndinaonamo n'chakuti andibera.

"Mayi a Marta! Denga ili wakhoma ndani?"

Rosalina anali akusesa. Anaimika tsache. "Tikambirana mukapuma. Nkhani yake ndi yaitali."

"Ndafunsa kuti wakhoma ndani. Si a Bernardo?"

"A Bernardo musawalowetsemo. Iwo aja anatithandiza kwambiri."

Mawu amenewo anandilowa molakwika. Ndinaganiza kuti akuwaikira kumbuyo, ndipo ndinaganizanso zina zoipa kuposa pamenepo, zimene mwamuna wokhalitsa kutali amaganiza, zimene sindingazilembe pano. Anayesa kundigwira mkono, ine n'kuukutumula. Ndinavala jekete langa la kuntchito, lokhala ndi mizere yowala, ngakhale kunali kotentha, n'kulunjika kumsika.

Linali tsiku la msika, nyengo yogulitsa nandolo. Masikelo anali atapachikidwa m'mitengo, njinga zili mbwee. A Bernardo ndinawapeza pamalo awo pansi pa mtengo wa mango, akupala thabwa la chitseko.

"Ee, a Albino!" anatero akupukuta dzanja pathalauza kuti andipatse moni. "Tamva kuti mwafika. Bon diya, khalani apa."

Dzanjalo sindinalilandire. "Sindikhala, a mesitire. Ndabwera kudzafunsa malata anga."

Ndinalankhula mokweza dala. Amayi ogulitsa nandolo anatembenuka, okonza njinga anasiya kupopa.

"Ine ndinatumiza za malata atsopano," ndinapitiriza. "Padenga panga pali zigamba, malata opindika, ena adzimbiri ngati otola kudzala. Misomali mwakhoma m'ngalande ngati mwana wamng'ono. Kumene ndachokera ine, munthu wokhoma chonchi amuthamangitsa tsiku lomwelo. Atsopano aja munagulitsa kuti?"

A Bernardo anaika chopalira chawo pathabwa pang'onopang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kujekete.

"Mwamaliza?"

"Ndikudikira yankho."

"Malata amene ndinakhoma ine ndi omwewo mwawaonawo," anatero, mawu ali pansi, moti anthu anasendera kuti amve. "Tinakawatola kutsidya kwa mtsinje, m'munda wa eni, denga lonse litagona chagada pamodzi ndi mabarote ake, mitengo yokhomerapo malata ija. Mphepo ya m'dzinja lapitali. Inasasula nyumba zambiri kuno, ndimaganiza kuti mwaona m'njira. Akazi anu ndi mwana anapulumukira pansi pa tebulo, njerwa zikugwa. Tinawongola amene tinawapeza. Atatu sitinawaone mpaka lero."



"Misomali ya m'ngalandeyo sindinakhome ine," anapitiriza. "Titakweza denga lanu, kumwamba kunadanso, ndipo kunali nyumba ina ya mayi wodwala imene inali pamtetete. Amuna tonse tinathamangira kumeneko. Kuseri kuja anamaliza okha akazi anu, pamakwerero obwereka, misomali akuwongolera pamwala. Palibe amene anawaphunzitsa za msana wa lata." Anatenganso chopalira chija. "Koma adzimbiriwo musawanyoze pamsika, a Albino. Kafunseni kumene anachokera."

Palibe amene anandinena. Zikanakhala bwino akanandinena. Anthu anangobwerera kumasikelo awo mmodzimmodzi, mayi wina atagwira nsalu pakamwa. Ndinavula jekete lija n'kulipinda kukhwapa, ndipo ndinabwerera kudzera njira ya m'minda kuti ndisakumane ndi munthu.

Njira imeneyo imatulukira kuseri kwa nyumba ya apongozi, mbali imene mkamwini sayendayenda. Ndinaima. Kutsogolo nyumbayo inali monga ndinaisiyira. Kuseri, pamwamba pa chipinda chimodzi, malata panalibe. Panali pepala lapulasitiki lakuda, long'ambika ndi dzuwa, ndi udzu wofoleredwa mopyapyala, wopanikizidwa ndi mitengo. Sindinafunikire kuyeza kuti ndidziwe kuti malo amenewo ndi a malata atatu. Pawindo lopanda chotseka ndinaona kuti chipindacho n'chopanda kanthu. Mphasa ndi katundu wawo apongozi anali atazisamutsira pabalaza.

Rosalina ndinamupeza akusenda chinangwa pakhonde. Anangondiyang'ana kumaso n'kudziwa kuti ndamva.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Ndinakuimbirani sabata yomweyo."

"Munangoti kunawomba mphepo."

"Ee. Inu n'kundiuza kuti mphepo sindikuidziwa." Sanakweze mawu. Mpeni unkangoyenda pachinangwa. "Munali mutandiuza kale kuti ntchito kulibe, kuti mwini nyumba akukuvutitsani, kuti ndisapemphe kanthu. Ndikanawonjezera chiyani pamenepo? Kuti mugone ndi njala, n'kumaganiziranso ife?"

"Koma ndine mwamuna wanu. Ndinayenera kudziwa."

Apa anasiya kusenda. "Ndikanakuuzani, mukanabwera?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe kuti ee. Koma ndinadziwa kuti ndikanati ya basi palibe, ndikanati adikire chisanu, ndikanaimbira a Bernardo n'kuwalangiza pafoni za kakhomedwe. Ndinatseka pakamwa. Rosalina anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene yankho analidziwa kale ndipo sakukwiya nalo. M'pamene ndinaona chipsera chachitali pamkono pake, kuyambira pachigongono, chimene dzulo lake ndinachiona osafunsa. Lata likamadula munthu limasiya chotero. Ndili nacho changa pamwendo.

Chimene chinandibwerera msanga chinali kugula. Ndinati mawa lomwe ndipita ku Vila, ndikagule malata atsopano, ndibwere nawo pagalimoto, ndikhome nyumba ya apongozi ndi masikuluwu anga, anthu onse aone. Rosalina anati ndiyambe ndakalankhula nawo eni ake.

Tinapita madzulo dzuwa lisanalowe. Apongozi anali pamphasa akutola tizinyalala mu nandolo. Ine ndinanjuta patali, m'mphepete mwa bwalo, nkhope nditalozetsa kumbali monga mwa ulemu wake, ndipo Rosalina anakhala pakati pathu. Ndinaomba m'manja n'kunena zothokoza zonse zimene ndinali nditakonza. Ndinati malata awo ndizula ndibweze, kapena ndiwagulire atsopano, asankhe okha.

Poyankha, apongozi analankhula ndi mwana wawo, ngati ine palibe.

"Uwauze apongozi angawo kuti malata aja ndinafolera mdzukulu wanga. Asazule. Bambo ako akanakhalapo akanachita chimodzimodzi." Anapeta nandolo kamodzi. "Uwauzenso kuti za kumsika ndamva."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Ngati ali ndi mphamvu zokwera padenga," anapitiriza, "nyumba zosafolera zikadalipo m'mudzi muno, ndipo mvula siili kutali. Yanga ili ndi tsiku lake. Asadumphe anzawo."

Za tsiku lakezo sindinazimvetse mpaka nditabwerera kwa a Bernardo. Ndinapita mmamawa, nthawi imene pamsika pali anthu, chifukwa ndinaona kuti chimene ndinaipitsa pagulu sindingachikonzere kuseri. Ndinavula chipewa n'kupepesa mokweza monga mmene ndinawanyozera. Sanandithandize kufupikitsa. Anandisiya ndinene zonse, mpaka mawu anandithera.

"Zamveka," anatero pomaliza. Kenako anandifotokozera, akupitiriza ntchito yawo. Mphepo itadutsa, a mu komunidade, mphakati wathu wa tchalitchi, anagwirizana kuti Loweruka lililonse azikhoma nyumba imodzi, ya Mkatolika ndi ya wina aliyense. Banja lililonse limatumiza munthu. Amayamba ndi nyumba za ana aang'ono ndi odwala, ndipo yathu inali m'gulu la zoyamba chifukwa munali mwana koma munalibe mwamuna. Ntchito inaima pakati, anthu atasowa zofolera, ndipo tsopano yayambanso poti nandolo wagulitsidwa. Apongozi anga anapempha okha kuti yawo idzakhale yomaliza, poti pabalaza pawo sipadontha.

"Nanga banja lathu limatumiza ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Akazi anu. Sanajombepo. Kusenza mabarote, kutunga madzi a dothi, kupatsira malata. Tinawauza kuti akhoza kumapuma, iwo anati nyumba yawo inakwezedwa ndi anthu, sangakhale pansi." Anaphulitsa fumbi pathabwa. "Loweruka lino tili kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa chigayo. Mukafuna mubwere. Jekete lija musiye, kukutentha."

Masiku otsatirawo sindinakhudze denga langa. Ndinkadziwa zoyenera kuchita: kuzula misomali ya m'ngalande, kumata mabowo ake, kukhoma pamsana. Ndinadzachita zimenezo pambuyo pake, nditapempha kaye Rosalina, iye atandigwirira makwerero. Koma sabata imeneyo ndinkangolowa ndi kutuluka pansi pa denga limene anthu ena anakasenza kuchokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo nthawi iliyonse ndikaweramuka ndinkaona dzanja la munthu wina. Mawaya aja anamanga okonza njinga. Zidutswa za patapata anadula Marta. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti banja langa lili pansi pa denga langa, kuti kwathu zinthu zaima kudikira zimene nditumize. Anthu sanadikire. Anadzuka m'mawa mphepo itadutsa, n'kupita kukafunafuna malata m'minda.

Loweruka kutacha, ndinamva Rosalina akutsegula chitseko. Nditatuluka ndinamupeza atamanga kale nsalu yakale m'chiuno, duku lili kumutu, akutenga ndowa ndi nkhata.

"Mukupita kuti, mayi a Marta?"

"Kuntchito ya denga." Atatero anaima, n'kundiyang'ana, hamala ili m'manja mwanga.

"Khalani," ndinatero. "Ndipita ine."

Anaika ndowa pansi. Anakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo wosadziwa poika maso. Ndikutuluka pabwalo ndinacheuka, ndipo anali akadali chomwecho.

Kuseri kwa chigayo ndinapeza anthu atasonkhana kale, amuna ndi akazi, ena amene ndinakula nawo, ena achilendo amene anabwera m'mudzimo ine kulibe. Malata a mayi wamasiyeyo anali atasanjikidwa pansi, opindika ngati athu aja. Makina anga a batire anali m'chikwama, ndipo sindinawatulutse. Titapemphera, a Bernardo anaima pachulu n'kuyamba kuitana mabanja pamtima, kuti aone amene afika. Aliyense ankayankha, ena mu Chinyanja, ena mu Chilomwe, ena n'kungokweza khasu.

"Kwa a Rosalina!" anaitana.

Anthu anacheukira kunjira, kumene iye ankatulukira ndi ndowa yake. Mayi wina wachitsikana amene sindinkamudziwa anati, "Sanafike. Kapena adwala?"

Ndinakhosomola. Ndinakweza hamala yanga m'mwamba.

"Ndilipo."